Basi Sinkadikira pa Njakwa

Ndikukumbukira Loweruka lina amayi atadzuka mawu atatsekeka ndi chimfine. Tinkakhala pa Njakwa, ndipo pakhomo pathu tinkadalira nthochi zimene iwo ankagulitsa kwa anthu a m'basi zochokera ku Mzuzu. Tsikulo nthochizo zinali zitapsa mpaka kuchita timadontho takuda, fungo lake litadzaza nyumba yonse. Zikanagonanso, zikanakhala chakudya cha nkhumba, ife n'kugona ndi njala.

Anandisenzetsa dengu la nthochizo ine, mtsikana wamanyazi amene mlendo akandipatsa moni ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakuphazi. "Ukaitanire, mwana wane," ananong'ona. "Nthochi zilibe pakamwa."

Basi yoyamba inafika ndi fumbi lake. Ogulitsa onse anathamangira kumawindo akufuula. Ine ndinangoti kakasi, timawu tanga tikumezedwa ndi mkokomo wa mtsinje wa Rukuru. Sindinagulitse ngakhale imodzi. NyaGondwe, amene ankagulitsa mbatata pafupi nane, anandiseka. "Iwe, wabwera kudzaziwotheretsa dzuwa? Yewo chomene, zikomo kwambiri, makasitomala ako tikudyera ife!"

Ndinalira, sindibisa. Kenako misozi inauma n'kutsala ukali.

Basi yachiwiri itaima, pawindo panali bambo wina wadazi lonyezimira, atakwinya nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo. Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinakweza dengu n'kuimba mokuwa:

"Abambo a dazi, musakwinye nkhope,
sendani nthochi yanga, muone m'bale wanu!"

Basi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinkangodikira kumenyedwa khofi. Bamboyo anasisita dazi lake, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Bweretsa kuno abale angawo!" Manja anatuluka m'mawindo onse, ndipo posakhalitsa m'dengu munatsala masamba okhaokha. Mzere wachitatu wa nyimboyo unandibwerera m'mutu, wokoma kuposa iwiri ija, koma dalaivala anali ataliza kale injini. Ndinatsala nawo kukamwa, fumbi lili m'maso.

Masiku ano maminibasi amangodutsa pa Njakwa ngati akuthamangitsidwa, ndipo ine tsitsi layera ndikulemba mabuku. Pamisonkhano ya alembi amandifunsa chifukwa chake ndakatulo zanga zimakhala zazifupi chonchi. Mphunzitsi wina wa kuyunivesite anafotokoza kuti ndimatsanzira kupanikizika kwa chigwa cha Rukuru. Ndinagwedeza mutu mwaulemu, poti munthu wophunzira satsutsidwa pagulu. Koma zoona zake n'zakuti mpaka lero, ndikangofika pamzere wachitatu, ndimamva injini ikulira.