Vidiyo ya chilanga mulilo cha Bupe

"Amake Tendai, vidiyo ija muzanitumila liti?" anandifunsa Bana Mwila, aneba anga kuno ku Kalingalinga.

Ndinati netiweki ikuvuta. Linali bodza.

Bupe ndi mwana wa akulu awo. Tsiku la chilanga mulilo, lokapereka zakudya kwa mwamuna wake, Bana Mwila anandipempha kuti ndijambule, poti mkwatibwi sapita nawo, amatsala kunyumba. Ng'oma zitangoyamba, foni inalemba kuti malo adzaza. Ndikanafufuta gemu yofananiza zipatso imene ndimasewera mwana akagona, malo akanapezeka. Koma ndinali nditafika patali, chala chinakana. Ndinangoimika foni m'mwamba ngati ikujambula, mpaka mkono kuwawa. Ndinkakalipiranso anthu: "Sendelani, mubisa kamera!" Bana Mwila anavina moyang'ana ine, thukuta lili kamukamu.

Dzulo anabweranso. "Bupe akali kuyembekeza."

Ndinaloza Tendai wanga wazaka ziwiri, wosadziwa n'komwe kutsegula foni. "Uyu anafufuta."

Iwo anamunyamula, amvekere, "Osamumenya, ni mwana chabe."

Palibe wina amene anajambula, onse anasenza mapoto. Zapita nyimbo zonse, kuvina konse, ndi nkhope ya mwamuna wake povundukula mbale, zimene Bupe sadzaziona.