Tsiku Limene a Telala Anasala Kudya

Mu mpingo muno palibe amene sankawadziwa a Telala, aja ankasoka mayunifomu a kwaya kuseri kwa sitolo ya penti. Koma ndi ochepa ankadziwa kuti munthu wofatsa uja anakhala ndi nsanje moyo wake wonse. Ankasirira chinthu chimodzi basi: kusala kudya.

Matenda a shuga anawagwira ali mwana wasukulu. Adokotala anafotokozera mayi awo kuti munthu akadya, kapamba amatulutsa insulini, yomwe imachotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'minofu. Njala ikabwera, kapamba yemweyo amatumiza timadzi tina touza chiwindi kuti chitulutse shuga amene chinasunga. Kapamba wa mwanayu anali atasiya kupanga insulini. Kuyambira pamenepo inali jakisoni tsiku ndi tsiku, ndipo wobaya jakisoniyo sadumphitsa chakudya.

Achimwene awo ndiye analibe matendawa. Mpingo ukalengeza kusala, madzulo ankaimirira kutsogolo milomo itauma gwa, azimayi n'kumanong'onezana kuti, "Munthu wa Mulungu uyu." A Telala amakhala atazemba panja kukatafuna buledi ngati wakuba. Zinkawapweteka, abale inu!

"Kusala kwake kuti?" ankadandaula kwa akazi awo. "Achimwenewo chiwindi chimawadyetsa mobisa."

"Ndiye mwayamba kuchitira nsanje chiwindi cha alamu anga?" ankatero mayiwo. "Taidyani apa."

Chaka china anayesa osauza munthu. Anabaya jakisoni m'mawa, osalawa kanthu. Masana anawapeza atagwera pamakina, thukuta lili chuchuchu, ndipo akazi awo anachita kuwapaka shuga m'kamwa. Abusa atabwera kudzawazonda anati, "Bambo, Mulungu sanakupempheni maliro." A Telala anamvera, sanabwerezenso.

Koma nsanje sinachoke. Ankaiulula m'pemphero, kenako n'kuipatsa chochita. Pa masiku osala sankalandira ntchito ya malipiro. Ankasokera ana amasiye zovala, madzulo n'kuwiritsira osala aja tiyi. Kapu yoyamba ankapereka kwa achimwene awo ndi manja awiri, mtima ukuwawa choncho. "Nsanje yangayi yakana kusamuka," ankatero, "ndiye izigwira ntchito."

Atakalamba maso anayamba kuchita mdima, impso nazo zinatopa. Kuchipatala, m'mimba mutasiya kulandira chakudya, namwino anawauza kuti, "Agogo, lero musadye kanthu. Shuga ndi insulini zilowera m'diripimu, ife tiziyeza."

"Tsiku lonse, mwanangu?"

"Lonse."

Nkhope inawala. "Kawaitaneni achimwene!"

Achimwenewo anabwera ndi ndodo yawo, n'kukhala pampando pambali pa bedi. Anasala limodzi tsiku limenelo, akuyimba motsitsa mawu kuti asasokoneze odwala ena. Dzuwa litapendeka a Telala anatembenuza mutu.

"Achimwene, kodi n'zomwezi? Njala basi?"

"Njala basi, mphwanga," anayankha mkuluyo, misozi ili lengelenge. "Zaka zonse zija ine ndinkapemphera maso ali pa wotchi. Amene unkapemphera ndiwe."

A Telala anaseka mpaka kutsokomola. Anatisiya mwamtendere madzulo omwewo, dzanja lawo lili m'dzanja la achimwene awo. Ife otsala, amene tili ndi nsanje zathuzathu, tiphunzirepo kuzituma ntchito. Mzimu wawo uuse mumtendere.