Chigamba Chotuwa pa Chitseko cha Galimoto

Ndagwira ntchito pa galaja ina ku Limbe zaka zambiri tsopano. Sindiwongola zitsulo, sindipenta. Gawo langa ndi lomalizira. Galimoto ikabwera yokalikakalika, kapena penti wake atazilala ndi dzuwa, amandipatsa ine. Ndimatenga makina ozungulira okhala ndi siponji kumaso kwake, n'kudonthezapo phala lina lomwe timalitcha kompaundi, n'kuyamba kupukuta. M'phalamo muli timchenga tosaoneka ndi maso. Lilipo lokhakhala, lomwe limadya msanga, ndi lina losalala, lomalizira kuti galimoto iwale. Anthu ambiri amayesa kuti timamata pokalikapo. Ayi ndithu. Timasenda pang'ono penti woonekera wa pamwamba, amene timati kiliya, mpaka mzere uja usowe. Kiliyayo ndi wopyapyala ngati khoko la anyezi. Ukasenda mopitirira, ukafika pa penti weniweni, kenako pa wotuwa wa pansi, ndipo pamenepo palibenso chobwezera.

Mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankabwereza mawu amodzimodzi mpaka kutopetsa: usapukute padzuwa, ndipo m'mphepete mwa chitsulo usachedwemo. Ndinawasunga mawuwo pa magalimoto onse a eni ake. Ndinawaswa kamodzi kokha, pa galimoto yanga.

Kwathu ndi kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Makolo a bambo anga anachokera ku Mozambique wapansi, n'kudzapeza malo m'mbali mwa dambo. Bambo ankalima mpunga, ndipo ntchito ya kumunda ikachepa ankapikula matemba ndi milamba kudoko n'kukagulitsa m'misika. Njinga yawo inali yodziwika dera lonselo. Kaliyala yake anaiwonjezera ndi nsungwi, n'kumangapo dengu lalikulu ndi mawaya omwe ankatola paliponse. Mawayawo ankasongoka uku ndi uku, ndipo miyendo yathu tili ana inkawadziwa bwino.

Chaka chimene mlongo wanga wotsiriza ankakwatiwa, ndinagula galimoto yanga yoyamba. Inali yakale, yodutsa m'manja mwa anthu angapo, ya buluu woderako. Ndinaipukuta masabata awiri pa nthawi yopuma, mpaka anzanga ankapesera tsitsi pa chitseko chake pondiseka. Ndinalonjeza mlongo wanga kuti ndiyo idzamunyamule popita kutchalitchi. Popita kumudzi ndinaika m'buti makina anga ndi mabotolo awiri a kompaundi, poganizira fumbi ndi zitsamba za mu msewu wochokera ku Zomba.

Ndinafika Lachinayi masana. Bambo anatuluka m'nyumba, anaizungulira galimotoyo kawiri manja ali kumbuyo, kenako anaikhudza ndi kuseri kwa chala.

"Iwe, chimenechi n'chako ndithu? Osati wabwereka kwa abwana ako?"

"N'changa, Ababa."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana amayi kuti adzadzione nkhope pa chitseko. Madzulo ake anandiuza kuti akufuna ndikawatsitse kudoko anzawo onse ali pomwepo, iwo atakhala kutsogolo. Ndinati ukwati uyambe wadutsa, msewu wakudoko ndi woipa.

Lachisanu m'mawa pabwalo panali podzaza. Amayi a m'mudzi ankapeta mpunga, ena ankasenda anyezi, achibale a mkamwini anali atafika ndipo anawayalira mphasa pakhonde. Galimoto ndinaiimika pansi pa mtengo wa mango, pakati pa mtengowo ndi nkhokwe, pomwe panali kanjira kolowera pakhomo. Ndine ndinatseka njirayo. Bambo anabwera kuchokera kudoko akukankha njinga, dengu litadzaza nsomba za alendo. Anayesa kudutsa chopendekera. Ndinamva kaphokoso kochepa, kwee, ngati khoswe.

Nditathamangira pomwepo ndinapeza mzere woyera pa chitseko cha kumbuyo, wautali ngati mkono.

Zimene ndinanena ndimazikumbukira zonse. "Ababa, simukuona? Kukalamba kwake mpaka maso atha? Ichi si bwato ayi! Nkhani yake mumangozolowera zinyalala zanuzi."

Malichero anaima. Pakhonde paja alendo anayang'ana pansi. Bambo anaimika njinga, anavula chipewa, n'kuwerama kuyang'ana mzerewo.

"Pepani," anatero. "Sindinaone waya ameneyu. Pepani ndithu."

Chibadwire changa bambo ankanditchula kuti iwe. Tsiku limenelo ndi pomwe ndinamva koyamba akundipatsa ulemu wa munthu wachilendo.

Ndinagwada n'kuyendetsa chikhadabo pa mzerewo. Umu ndi mmene timayesera: chikhadabo chikakodwa, ndiye kuti pakalika mozama ndipo pafunika penti, chikangodutsa, ndi za kiliya chabe. Chinadutsa bwinobwino. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi ntchito yosakwana ngakhale ola. Bambo anali ataima kumbuyo kwanga, chipewa chili m'manja. Ndikanangotembenuka n'kunena kuti musadandaule, izi zichoka. Koma mkwiyo unali udakali wokoma m'kamwa, ndipo anthu anali akuyang'ana. Ndinalowa m'galimoto n'kunyamuka osatsanzika.

M'mudzi mwathu mulibe magetsi, choncho ndinapita pa kamsika kena kwa munthu wowotcherera zitsulo, amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale. Anandilola kulumikiza makina anga. Pamthunzi pake panali mafelemu a zitseko, ndipo sindinafune kudikira kuti awasunthe. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Chitsulo cha galimoto chinkawotcha dzanja.

Ndinatenga kompaundi wokhakhala, ngakhale wosalala akanatha ntchitoyo, chifukwa ndinkafuna zithe msanga. Nditangodutsitsa makina kawiri katatu, mzere uja unasowa pafupifupi wonse. Kunatsala kachidutswa kochepa pa kamsana ka chitseko, pomwe chitsulo chimapindika. Pamalo otero penti amakhala wochepa. Ndinkadziwa. Koma m'mutu mwanga ndinali ndikukanganabe ndi bambo, ndikuwonjezera mawu ena omwe sindinanene. Phala linauma chifukwa cha kutentha, ine osawaza madzi. Ndinapendeketsa makina n'kukanikiza.

Choyamba ndinamva fungo. Nditachotsa makina, siponji inali yabuluu. Pa chitseko panali chigamba chotuwa, chachikulu ngati chikhatho cha mwana, m'mbali mwake mutakwinyika.

Mnzanga uja anakweza magalasi ake owotcherera. "Achimwene, mwawotchatu pamenepo."

Ndinapinda chingwe, ndinabweza zonse m'buti. Njira yonse yobwerera ndinkayendetsa pang'onopang'ono ngati ndanyamula wodwala.

Bambo ndinawapeza atakhala pa muzu wa mango uja. Anali asanadye. Atangoona chitsekocho anaimirira.

"Mayo ine! Waya uja wafika chonchi?"

"Ndayesetsa, zakanika," ndinatero.

Sindinanene kuti ndinu. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza nazo zimenezo, kuti bodza lenileni sindinanene. Koma ndinaona mmene anamvera, ndipo ndinawasiya amve choncho. Ndinali nditawalalatira pamaso pa alendo chifukwa cha kamzere. Kuvomera kuti ine, katswiri wa ku Limbe, ndawononga koposa, kunandikanika.

Loweruka atsikana anaphimba chigambacho ndi maliboni ndi maluwa a mapepala. Mlongo wanga sanadziwe kanthu, ndipo ukwati unayenda bwino. Malo a kutsogolo ndinasungira bambo. Anakana.

"Pitani inu ndi akwati. Ine ndibwera pa njinga, ndili ndi zoti ndidzere."

Analibe choti adzere. Ndinawapitirira pa msewu atavala jekete yawo ya kutchalitchi, ataima m'mbali kuti fumbi lathu lidutse.

Lamulungu m'mawa ndikulongedza, ndinawaona kuseri kwa nyumba ali ndi pulayala, akudula mawaya onse pa njinga ija. Dengu analimanganso ndi mphira za machubu. Za ulendo wakudoko sanazitchulenso, inenso sindinawakumbutse.

Ku galaja, mnzanga wopenta anakonza chitsekocho tsiku limodzi. Anandiseka pang'ono, nkhani n'kutha. Pa Khirisimasi nditapita kumudzi, bambo anapita molunjika pa chitseko chija, anawerama, anayang'ana cham'mbali.

"Akonza bwino. Ndiye kuti munavutika nazo kwambiri."

"Ayi, sizinavute."

"Munavutika," anatero, n'kuchokapo.

Kuyambira pamenepo, ndikafika pakhomo, njinga ankaiimika kuseri kwa khola la mbuzi. Ankathamangitsa nkhuku ndi adzukulu kuti asayandikire galimoto. Tsiku lina anadula nthambi ya mango yomwe inkalendewera pamwamba pake, nthambi yobereka bwino. Sanali wokwiya. Tinkacheza, tinkadyera limodzi, ankandifunsa za ana. Koma kunditchula kuti inu kuja sikunachoke. Amayi anawafunsapo ine ndili pomwepo kuti, "Kodi mwana wanu yemwe mukumulemekeza ngati abusa?" Iwo anati, "Wakula, ali ndi zake."

Mpata ndinali nawo, wosawerengeka. Umodzi ndimaukumbukira kwambiri. Tinapita awiriwiri kudambo kukaona mpunga utayamba kubereka. Tinkayenda pa mizere ya matope, iwo patsogolo, akundilozera pomwe madzi anafika chaka chatha ndi pomwe nyanja inathawira chaka chomwe inaphwa, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Mbalame zinali zambiri, ndipo ankaima kawirikawiri kuwomba m'manja. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira ku Limbe. Ndinati, "Ababa."

Anatembenuka. "Mukufuna kunena kanthu?"

Ndinayang'ana nkhope yawo, thukuta likutsika m'makwinya, ndipo ndinafunsa ngati mbewu ya chaka chino ndi yomwe ija ya kale. Anandifotokozera za mbewuyo mpaka tinafika kunyumba. Ndinkadziuza kuti nkhaniyo yakalamba, kuidzutsa n'kuwakumbutsa manyazi a tsiku lija. Zoona zake n'zakuti manyazi omwe ndinkawateteza anali anga.

Patapita zaka ziwiri bambo anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Mlongo wanga ataimba foni ndinanyamuka m'mawa womwewo kuti ndikawatengere kuchipatala ku Zomba. Kumeneko kunali kukwera kwawo koyamba m'galimoto imeneyo. Tinawanyamula ine ndi mlongo wanga, koma tisanawakhazike anauza amayi kuti ayambe ayala chitenje pa mpando. Njira yonse manja anali pa mawondo. Pa mabampu amayi ankagwira chitseko, iwo n'kumawanong'oneza kuti, "Chotsa dzanja pamenepo." Ndinamva, ndinayang'ana pa kalilole, ndinati, "Asiyeni agwire, Ababa, palibe vuto." Zinathera pomwepo. M'chipatala munali anthu ambiri, iwo ankapuma movutika, ndipo ndinati ndidzawauza akachira. Anamwalira patatha masiku asanu.

Ndinauza amayi patapita mwezi maliro atachitika. Ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse: chikhadabo, dzuwa, kompaundi wolakwika, chigamba. Anamvetsera osasiya kusankha. Nditamaliza anandifunsa.

"Ndiye waya uja sanalakwe?"

"Anakala pang'ono chabe. Zija zinali zitachoka kale. Chigamba chija ndinachita ndine."

Anataya timiyala tomwe anali atasonkhanitsa m'dzanja. "Ukundiuza ine kuti nditani nazo? Mwini nkhaniyi tinamuika uko."

Ndinati sindikudziwa.

"Ukudziwa chimene akanachita bambo ako?" anatero. "Akanaseka. Akanaseka mpaka kugwa pa mpando, mawa lake n'kukauza doko lonse kuti katswiri wawo wawotcha galimoto yake yomwe. Akanakuseka nazo mpaka imfa. Iwe unkaopa zimenezo, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Munthu uja ankati akagona n'kumati, mwana wasunga ndalama zaka zonsezi, ine n'kumuwonongera tsiku limodzi. Ine n'kumati iwalani. Iye ayi."

Sanalire, sanandikalipirenso. Anapitiriza kusankha mpunga, ine nditakhala pomwepo. Lichero litatha anandiuza kuti ndinyamule thumba lomwe linali pakhomo ndikaliike m'galimoto, tipite nalo kuchigayo dzuwa lisanakwere. Tinapita, ndipo njira yonse anandifotokozera za denga la khitchini lomwe linkadontha, kuti lifunika udzu watsopano mvula isanagwe.