Nyimbo Yotulutsira Mayi Anga

Kwathu maliro satuluka m'nyumba mwakachetechete. Wina amayambitsa nyimbo, khamu n'kuvomera, ndipo bokosi limanyamulidwa nyimboyo itakolera. M'mudzi mwathu woyambitsa anali mayi anga. Atakalamba anandiuza kuti tsiku lawo likadzafika ndidzayambitse ndine, chifukwa mng'ono wanga amayambira pamwamba kwambiri mpaka azimayi kutsamwa. Ndinalonjeza.

Anamwalira nthawi ya mliri wa korona, ine ndili ku Girrawheen, kutsidya kwa nyanja, malire a mayiko atatsekedwa. Ulendo wakumudzi unali wosatheka. Ndinakwiya, ndisaname. Ndinakwiyira matendawo, ndinakwiyira ndege, ndinakwiyiranso mayi pomwalira nthawi yolakwika chonchi.

Koma nyimbo ija ndinati ndiyambitsa basi, zivute zitani. Tinagwirizana ndi mng'ono wanga kuti adzaika foni pa sipika pakhomo la siwa. Dzulo lake la maliro tinayeserera pafoni ndi azimayi angapo akumudzi, ndipo zinali zamanyazi. Mawu ankachedwa panjira. Ndikayambitsa, iwo ankavomera ine nditapita kale patsogolo. Ndikawadikira, iwonso ankaima kudikira ine. Tinkangopondana ngati anthu olimbirana khomo lopapatiza. Ndinadula foni n'kuyamba kulira.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala mtsikana wa ku Zambia, wophunzira filosofi ku yunivesite. Kutchalitchi sankapondako, ndipo ine ndinali nditamuweruza kalekale. Atamva kulira anabwera kumpanda. Nditamufotokozera, anayamba kundiuza za anzeru ena akale a ku Amereka amene ankati Mulungu sadikira denga la tchalitchi, amapezeka m'mitengo ndi mumtima mwa munthu, ndipo munthu azikhulupirira chimene akuchimva mkati mwake ngakhale palibe womuvomereza. Ndinamukalipira kuti anzeru akewo sanayambitsepo nyimbo pamaliro. Nyimbo yopanda ovomera ndi kukuwa chabe.

Sanakhumudwe. "Mami, vuto ni yakuti mufuna kubamvela," anatero m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Nyimbo muiziba kale. Chosaniko foni kukhutu, muimbe chabe."

Mumtima ndinati mwano wa ana asukulu uwu. Koma njira ina ndinalibe.

Tsiku la maliro, kumudzi kuli m'mawa, kuno dzuwa litapendeka, ndinavala chitenje ndi duku n'kupita kukathengo ka kuseri kwa misewu yathu, kumene aboma ankatilola kukawongola miyendo nthawi ya mliriyo. Kuli mabulugamu, mchenga wotuwa ndi mbalame zoyera zaphokoso. Mng'ono wanga anandiimbira foni. Ananong'ona kuti amuna agwira kale bokosi, onse akudikira ine.

Ndinatsitsa mawu a foni mpaka osamvekanso, n'kuigwira pafupi ndi kamwa. Ndinayambira pansi, monga ankachitira mayi. Nditafika pamene khamu limalowa ndinakhala chete, phazi lokha likugunda mumchenga kusunga nyimbo. Kukhala chete kumeneko kunandiopsa. Sindinkadziwa ngati akuvomera kapena ndikungoimbira mitengo ngati wamisala. Bambo wina woyenda ndi galu anandilambalala patali, ine osamusamala. Ndinalowanso ndime yotsatira, kenako ina, osafulumira. Penapake mantha anatha. Sindikunena kuti ndinaona masomphenya ayi, koma m'thengo muja sindinalinso ndekha, ndipo pa nkhani imeneyi sindikangana ndi munthu.

Nditamaliza ndinayang'ana foni. Inali itaduka. Ndinakhala pansi pamchenga pomwepo.

Mng'ono wanga anandiimbiranso atabwerako kumanda, mawu atasasa. Ndinamufunsa mwamantha kuti foni inaduka nthawi yanji.

"Mutangomaliza mzere woyamba, achemwali," anatero. "Koma tinaulandira. Amayi atuluka ndi mawu anu."