Mapepala amene anatsala pang'ono kukwiriridwa

Nasra Wadi analephera mayeso a Folomu 4 kawiri. Anzake akale akamadutsa pamsika wa Lungwena, iye ankaweramira dengu lake la mandasi ngati wataya singano. Chaka chomwecho bambo ake anamwalira. Mavuto akadziwa pakhomo pako, abale anga, sachita odi.

Sadaka itatha, amalume ake, a Yunus, anatulutsa sutikesi ya malemuwo. Munali mapepala odyedwa ndi chiswe, olembedwa m'zilembo za Chiarabu. Kwathu kuno pepala lotere silitayidwa kudzala. Likatha ntchito limakwiriridwa mwaulemu, ndipo a Yunus anali atakumba kale dzenje kuseri kwa nyumba.

"Ndayesa kuwerenga, Chiarabu chake sichikumveka," anatero. "Tingokwirira, tisachimwe."

"Amalume, ndiloleni ndingoonako dzanja la bambo."

Nasra anatchula zilembozo mokweza, monga ankachitira ku madrasa ali mwana. Zimene zinatuluka pakamwa pake sizinali Chiarabu ayi. Chinali Chiyao, nyimbo ya opalasa bwato, ndipo pamzere wachitatu panali dzina la mayi ake, Rahma. Misozi inangoti mbwe.

A Yunus atamva dzina la mlongo wawo, anatsamiritsa khasu pakhoma. "Ndakupatsa mpaka mvula yoyamba kuti uwawerenge onse. Zikakukanika, dzenje lilipo."

Miyezi isanu yathunthu, m'mawa mandasi, masana kukopera m'kope nyimbo za m'mapepalamo. Pamene chiswe chinadya mzere, ankapalasa njinga mpaka ku Malindi kukafunsa asodzi okalamba. Ena ankamuimbira, ena ankamuseka. "Wolephera sukulu alembe buku?" Zinkamupweteka, koma mawa lake ankabwereranso.

Mvula isanagwe anamaliza nyimbo makumi atatu, n'kukaonetsa kopelo kwa a Allan, amene anamuphunzitsa mbiri yakale kusekondale.

"Ukukumbuka funso lija linakugwetsa, la anthu a ku Italy amene anafukula mabuku akale n'kudzutsa maphunziro?" anafunsa a Allan. "Wayankha tsopano."

Lero Loweruka lililonse khonde la Nasra limadzaza. Anthu amabwera ndi masutikesi a makolo awo, achinyamata akuphunzira kuwerenga zilembo zija, ena ayamba kupeka nyimbo zawozawo. M'dzenje muja a Yunus anabzalamo nthochi.

Inu amene mayeso anakukanani, musafulumire kudzikwirira. Ikani khasu pansi, muyambe mwaona zimene muli nazo. Osataya mtima.