Zala Zimene Makina Anazikana

Ukafika padoko ku Chiuta n'kufunsa kuti a Habiba ndi ati, anthu sataya nthawi n'kukuperekeza iyayi. Amangoti, "Pitani uko kukufuka utsiko. Mukapeza mayi akutola khala la moto ndi manja ngati akutola mtedza, ndi omwewo." Ndipo sanama. A Habiba anayamba kuwamba nsomba ali kamtsikana, akuthandiza mayi awo kutembenuza milamba pa waya wotentha, ndipo chiyambire pamenepo zala zawo sizinapumepo. Kupala mamba, kutumbula, kuthira mchere, kusonkhezera moto. Poto amaphula opanda kansanza. Zalazo ankanyadira nazo kuposa mmene anzawo amanyadira malata atsopano.

Za maulendo akunja ankati palibe angawaphunzitse. Nsomba zikasowa mbali ino, ankangokwera bwato kukagula tsidya, ku Mozambiki, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. "Chitupa changa ndi moni," ankatero. "Ukapereka moni n'kufunsa za ana, wadutsa basi."

Amuna awo, Che Zubairu, ndi munthu wabwino, tisawanamizire. Samenya, samwa, ku mzikiti sajomba. Kungoti ntchito imene ankati Mulungu anawapatsa ndi yoyang'anira. M'mawa ankaima pafupi ndi uvuni manja ali kumbuyo, n'kuuza akazi awo kuti, "Abiti, utsiwu wachuluka," kenako n'kukwera njinga kupita pa Nselema, ati kukamva mitengo ya nsomba. Mitengo yakeyo ankakaimvera pa bawo mpaka madzulo. M'manja mwawo munali mofewa ngati mwa khanda.

Mwana wawo wamkazi ndi mmodzi yekha, Yasmin. Anakulira mu utsi womwewo, sukulu anamalizira ku Balaka, kenako mwayi unamugwera wopita ku Mangalande kukasamalira nkhalamba. Komweko anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Mangochi. Tsiku lina anaimba foni, ndipo atazungulirazungulira ndi nkhani za kuzizira, ananena chimene anaimbira: anali woyembekezera, mimba yoyamba.

"Amayi, ndikuopa," anatero. "Kuno aliyense ali pa ntchito yake. Ndikachira adzandithowa ndani? Mwanayo adzamusambitsa ndani?"

A Habiba sanafunse maganizo a munthu. Mwana wako achire koyamba pakati pa alendo, iwe uli moyo, miyendo ili bwinobwino? Zimenezo ndiye ayi. Anati akupita.

Pasipoti inatuluka movutikira, koma inatuluka. Za viza, chilolezo cholowera m'dzikolo, mkamwini anayendetsa yekha ali komweko: kalata yowaitana, umboni wa kumene akagone, zonse. Chinatsala n'choti mwini wake akaonekere ku Lilongwe, akamujambule nkhope ndi kumutenga zidindo za zala. A Habiba anachita kuseka. Zala? Pa zinthu zonse, akufuna zala? Apa ndiye anawapeza pakwawo.

Ku ofesiko anapeza mtsikana waulemu, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, amene anawauza kuti aike zala pa kagalasi kowala. Anaika. Makina anangoti zii. Anawauza kuti apukute. Anapukuta. Anawauza kuti azitikite pamphumi kuti zitengeko mafuta. Anatikita mpaka mpango unasuntha. Makina osayankha.

"Mayi, pepani, zala zanu zilibe mizere," anatero mtsikanayo.

"Mizere yanji? Zala ndi izi, zonse zilipo, palibe chinaduka."

"Zilipo, koma zinafufutika. Makinawa sakuona kuti pali munthu."

A Habiba anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zikhadabo. Palibe munthu! Iwo amene tsidya la nyanja ngakhale agalu amawadziwa! Koma mtsikanayo analankhula mwachifundo. Anati akapumitse manja kwa milungu ingapo, osagwira moto, osapala nsomba, osachapa, azikadzola mafuta, mwina mizere ibwerera, ndipo anawapatsa tsiku lina lobweranso. Ali m'minibasi a Habiba anawerengera miyezi ya Yasmin chamumtima, ndipo anaona kuti makinawo akadzakananso, mwana adzabadwa iwo ali ku Chiuta. Mtima unawawawa kwambiri. Atatsika pa Balaka kudikira galimoto ina, anagula botolo lalikulu la vaselini ndi masokosi a mwana wasukulu.

Ndiye taonani zimene zinachitika pakhomo paja! Mayi amene sanakhalepo pansi dzuwa lili pamutu anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, manja onyezimira ndi mafuta atawalonga m'masokosi, atawaika pamiyendo ngati katundu wa eni. Mpunga ankadya ndi supuni. Masokosi ankavula pokhapokha potawaza, kusamba kwa mapemphero kuja, kuti aswali. Koma uvuni sukanazima, chifukwa ogula a ku Limbe akapeza pako palibe nsomba amapita kwa mnzako, ndipo sabwereranso. Woyang'anira uja anayenera kuvula kofiya n'kupinda malaya.

Tsiku loyamba Che Zubairu anapsereza milamba yonse mpaka inasanduka makala. Tsiku lachiwiri anaiphula yaiwisi, ntchentche n'kuchita phwando. Ankatembenuza nsomba ndi timitengo tiwiri, ataima patali, maso atatsinzina, akutsokomola. A Habiba manja analibe, koma pakamwa panali pabwinobwino.

"Bambo a Yasmin, utsiwu wachuluka!" ankakuwa ali pamkeka.

"Ndikuuona, Abiti."

"Ndimati mwina simukuuona. Ine zaka zonsezi mumachita kundiuza."

Akalephera kupirira ankadzuka n'kumakankha nkhuni ndi phazi, kapena kulozera ndi chigongono. Kangapo konse Che Zubairu anawapeza atavula sokosi imodzi, akuzembera kukatsuka mbale, ndipo ankawabweza ngati mbuzi yolowa m'dimba. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero mwaukatswiri, poti pa nkhani yokhala osagwira ntchito iwo ndiwo anali aphunzitsi.

Mudzi nawo sunagone. Amayi pamjigo ataona Che Zubairu akubwera ndi ndowa, anagwira pakamwa. Pofika madzulo nkhani inali itafika pa Nselema yoti a Habiba awadyetsa amuna awo khuzumule, ndipo anachita kuwonjeza muyezo. Anzawo a pa bawo anatumiza uthenga wofunsa ngati awagulire chitenje. Che Zubairu zinawapweteka, osanama, moti tsiku limenelo sanadye. Koma m'mawa mwake anadzuka n'kukatenganso ndowa ija.

Pang'ono ndi pang'ono milamba inayamba kutuluka yofiirira bwino. Pang'ono ndi pang'ononso, a Habiba akayang'anitsa nsonga za zala zawo padzuwa, ankaona timizere tozungulira tikutuluka ngati mbewu yongomera kumene. Ankaitana amuna awo kuti adzaone, awiriwo n'kuweramira chala chimodzi ngati ana.

Ulendo wa ku Lilongwe utayandikira, asodzi anapha milamba yambiri, yonona, ndipo Che Zubairu, amene tsopano ankadziyesa katswiri, anadzaza thandala la waya mpaka pamwamba. Mafuta a nsomba anadonthera pamoto, moto unalilima, mtengo wochirikiza thandala unapsa n'kuthyoka. Thandala lonse linapendekekera m'moto.

A Habiba sanaganize. Thupi linadzuka lokha monga lakhala likuchitira moyo wawo wonse. Masokosi anagwera uko, manja ali kutsogolo, kulunjika pa waya wofiira. Chimene anamva ndi dzanja likuwagwira pamkono mwamphamvu n'kuwakankhira kumbuyo, mpaka anakhala pansi m'phulusa. Atakweza maso anaona Che Zubairu, munthu woopa ngakhale kapu ya tiyi, atagwira waya uja ndi dzanja lamanja, akukokera thandala kunja kwa moto, akukuwa ngati mbuzi yomangidwa.

Nsomba zinapulumuka zambiri. Dzanja silinapulumuke. M'chikhatho monse munali matuza, waya atalemba mizere yake mopingasa. A Habiba anathamangira madzi, koma bamboyo, misozi ili mbwembwembwe, anawakalipira kwa nthawi yoyamba chikwatirane.

"Musagwire ndowayo! Mwamva? Manja amenewo si anu, ndi a mwana uja!"

Anakamangitsa dzanjalo ku chipatala, ndipo ku Lilongwe anapita onse awiri, wina manja m'masokosi, wina dzanja m'bandeji, moti kondakitala anafunsa ngati ngoziyo inali ya njinga. Mtsikana wa zikhadabo uja anawazindikira. A Habiba anati Bismillah n'kuika zala pa kagalasi. Makina anaganiza, anaganiza, kenako analira kamodzi. Dzanja linalo, analiranso. Chala chachikulu cha kumanja chinavutavuta, koma atachitikita pamphumi chinalola.

"Tsopano akuti pali munthu?" anafunsa a Habiba.

"Alipo, mayi."

"Muwauze kuti analipo kale."

Viza inatuluka patapita milungu ina, ndipo a Habiba anakwera ndege atanyamula ufa wa phala ndi zitenje, atasiya malangizo a uvuni okwana munthu kuwamba nsomba mpaka kufa. Anafika Yasmin akadali ndi masiku. Mwana anabadwa wamkazi.

Tsiku limene anamusambitsa koyamba, Yasmin anaimba foni ya kanema kuti bambo ake aonere. Che Zubairu anali pa uvuni, foni ataitsamiritsa pa chitsa, maso ofiira ndi utsi. Anaona akazi awo atagwada pafupi ndi beseni, akupisa chala m'madzi kuti ayese kutentha monga ankachitira kale, n'kuchichotsa msangamsanga.

"Mayo! Akuwotcha!"

Che Zubairu anaseka mpaka kutsokomola. "Abiti kuopa madzi! Dikirani ndikaitane anthu padoko adzaone." Kenako anatola kakhala kamene kanagwera pambali n'kukaponya m'moto ndi zala, mochedwa dala kuti aonedwe.

"Muzingotola choncho," anatero a Habiba akuthira madzi ozizira. "Tsiku lina mudzafuna kubwera kuno, makina adzati palibe munthu."

"Ndibwere kudzatani? Nanga nsomba aziwamba ndani?"

A Habiba anaweramiranso beseni lija. Anali atanyamula khandalo, dzanja limodzi kumutu, linalo likuyenda pang'onopang'ono pamsana, pamimba, m'timapazi. Anasiya kusambitsa n'kungokhala akulisisita. Yasmin anafunsa ngati pali chavuta.

"Iwe ndinakusambitsa mpaka kukula," anatero mayiwo mawu atatsika, "koma zala zanga zinali zitafa kale. Sindinadziwe kuti mwana amafewa chonchi." Anatembenukira ku foni, misozi ikutsika osaipukuta, poti manja onse anali ndi ntchito. "Bambo a Yasmin, ndikumumva. Khungu lake ndikulimva."

Che Zubairu anayang'ana m'chikhatho mwawo, mmene munali zipsera za waya, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Utsiwu wachuluka," anatero.