Ting'ombe ta amayi anga

"Amake Rozita, luso lonseli, bwanji osaumba chachikulu choti anthu aone?" Anandifunsa choncho mnansi wanga atandipeza ndikuumbira mwana kang'ombe ka dongo. Ndinangoseka. Yankho lake n'lalitali.

Ndili m'kalasi yachitatu kwathu ku Domwe, ndinali ndi ting'ombe khumi ndi tiwiri, kalikonse kokwana m'chikhatho. Amene ankatiumba ndi amayi, atakhala pakhonde, chaka chimene chifuwa chinawaletsa kupita kumunda wa kachewere. Sitinkatiwotcha ayi, tinkangouma pamthunzi.

Tsiku lina ndinapita nato kushikola, kusukulu kwathu. Apulofesolo, aphunzitsi athu, anatindanda pameza, n'kutiyang'ana nthawi yaitali. Anati n'tokongola, koma alendo a pa fesita, chikondwerero cha kutha kwa chaka, sangatione atakhala patali. "Uumbe imodzi yokufika m'chiuno. Mmisiri amayamba ndi kakang'ono, kenaka amakuza." Sindiwasungira chifukwa. Ankafuna kuti ndioneke.

Chinali chilimwe, dambo litauma gwa. Dongo limene ndinakumba linatha ndisanaumbe mutu. Basi ndinatola ting'ombe tonse, n'kutiponya mumtondo. Pa linunda la kalikonse panali mizere ya chala cha amayi, ndinaiona, n'kusinjabe. Nditathira madzi panamveka fungo ngati la mvula yoyamba.

Amayi anamva kusinjako ali pamphasa. "Tonse, mwanawe?"

"Mudzaumba tina," ndinatero.

Anangoyang'ana manja awo.

Panalibe wondiuza kuti chachikulu sachiumba ngati chaching'ono. Chimafuna timitengo mkati, mimba yamphako, ndi kuuma pang'onopang'ono. Ine ndinangounjika dongo lokhalokha, n'kuika ng'ombeyo padzuwa kuti iume msanga. Tsiku lachitatu msana unang'aluka, miyendo yakutsogolo inagwada, mutu n'kuthothoka. Fesita inachitika popanda ng'ombe, ndipo anzanga anandiseka mpaka titatsekera.

Amayi sanaumbenso kanthu. Tinawaika m'manda chimanga chisanafike m'mawondo. Masiku amenewo, ndinene zoona, ndinkadandaulabe ng'ombe yaikulu ija ndi manyazi akushikola. Zinanditengera zaka kuzindikira kuti amayi sanajambulitsepo chithunzi, kulemba sankadziwa, zovala zawo achibale anagawana. Zimene manja awo anandisiyira zinali ting'ombe khumi ndi tiwiri, ndipo ndinatisinja ndekha, iwo akumva.